Uwende wa Mjeremani

Chipadze, Bindura
9 Febuluwale 1992

Amayi a Estele,

Ndikhulupirira kalata iyi ikupezani muli bwino, inu ndi ana, pamodzi ndi abusa apongozi anga. Ine kuno ndilipo. Bondo lija lokha ndilo limandikumbutsa zaka zanga kukamacha.

Nkhani ndi yakuti bwana wanga Mngelezi uja wapita. Wasamukira ku Joni ndi agalu ake, ine wandisiya m'nyumba pamodzi ndi mipando, akuti wobwerayo aone yekha chochita nane. Wobwerayo ndi Mjeremani, a Kesila, amene akuyang'anira mapampu ochotsa madzi pansi mu mgodi. Ali ndi dona wake, mayi wachikulire wa manja olimba, wosakhala pansi. Ana sanabwere nawo.

Mukuwakumbukira a Pensulo a ku Bembeke, aja ndimagona nawo chipinda chimodzi, amene anakubweretserani bulangeti chaka chatha. Iwo aphikira azungu zaka makumi anayi, ndiye nditawauza anaomba m'manja n'kuyamba kundilira maliro ndili moyo. Akuti, "Bauleni, Mngelezi ndi mzungu wosavuta. Umangowiritsa chilichonse mpaka chileke kukoma, iye n'kunena kuti zikomo. Mbunu ukampatsa mwendo wa ng'ombe wathana naye. Mholandi ndi mbatata zosinja basi. Koma Mjeremani, mbale wanga, amadya zowola. Chakudya chikayamba kununkha, kwa iye ndiye kuti chapsa."

Ine ndinaseka. Koma Lolemba ndinapeza mgolo wa thabwa m'chipinda chosungiramo zakudya, ukuchita thovu, fungo lake losaneneka. Nditavundukula ndinaona kuti ndi kabichi wodulidwa, wavunda. Ndinati azungu awa aiwala katundu wawo panjira, ndiwathandize. Ndinaugubuduza mpaka kudzala. Ndisanaupendeke, dona anakuwa pawindo mawu oti ngakhale a nyumba yachitatu anatuluka. Anathamanga opanda nsapato, n'kuukumbatira mgolo uja. Akuti kabichiyo anamuthira mchere dala ndipo wakhala akumudikira masabata asanu. Ndinatsala pang'ono kutaya ntchito ya zaka khumi ndi zinayi chifukwa cha kabichi wonunkha.

Sindikubisirani, ndili ndi mantha. Chimene ndimadziwa ine ndi nyama yootcha ya Lamulungu ndi phudini. Kuyambiranso kuphunzira kuphika tsitsi litayamba kuyera si zamasewera, ndipo akhukhi osowa ntchito adzaza m'Chipadze muno. Kanyumba ka wantchito kakuseri kaja ndimayembekeza kuti andipatsa, bwana wakasandutsa kowambiramo nyama, wakaika loko. Ndiye ndipitiriza kupalasa njinga m'mawa uliwonse.

Mvula kuno kulibe. Kumeneko kuli bwanji? Mbuzi yaikazi ija musagulitse, wina akunyengereni bwanji. Kudimba bzalani mbatata msanga chinyezi chisanathe.

Ndine mwamuna wanu,
Bauleni Chikaipa


Chipadze
22 Malichi 1992

Amayi a Estele,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndathokoza Mulungu kuti chifuwa cha Enoki chinaleka. Koma za chimanga chimene chauma chisanabereke zandidula miyendo. Ndatumiza kangachepe ku positi ya ku Dedza, mukagule chimanga tsopano anthu asanadzidzimuke. Kuno nakonso ayamba kugulitsa ufa wachikasu wochokera kunja.

Ntchito ndikadali nayo. Ndipo ndiulule, a Pensulo ananama pang'ono. Kabichi uja ndinalawa dona atandiimirira pamutu. Ndi wowawasa, koma akamuphika ndi nyama ya nkhumba ndi mbatata, mbale umayeretsa ndi chala. Buledi wawo ndi wakuda, wolemera, ukadya kagawo kamodzi m'mawa umafika madzulo osakumbuka njala. Angelezi aja ankataya mutu, mapazi, chikopa, zonse kupatsa agalu. Awa sataya kanthu. Tsiku lina ndinataya makoko a mbatata, dona anakawatola m'chidebe, n'kundikhazika pansi. Akuti nkhondo itatha kwawo iye anali mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chisanu cha chaka chimenecho chinapha ana ambiri m'mudzi mwawo. Iye anapulumuka chifukwa mayi ake anakwirira mgolo wa kabichi pansi pa khola. Ndinazindikira kuti chakudya chimene a Pensulo akuchiseka ndi mfutso chabe, wa anthu amene anaionapo njala. Inunso masamba aliwonse mungapeze, futsani.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna chikhale pakati pa inu ndi ine. Abusa asamve.

Anthu awa amapanga soseji wa magazi. Lachisanu lililonse lachiwiri, pa famu ina ya njira ya ku Shamva amapha nkhumba, ndiye dona amandituma ndi ndowa. Magazi akamatuluka ndimawatakasa kuti asaundane, n'kuwatengera kunyumba pa njinga. Kumeneko timasakaniza ndi mafuta, anyezi ndi mchere, kuthira m'matumbo otsuka bwino, kuwiritsa, n'kukapachika mu utsi m'kanyumba kaja. Ndi uwende umene ena amadya kwathu akapha mbuzi, kungoti uwu auveka matumbo. Azungu anzawo amabwera ndi magalimoto kuchokera ku Harare kudzatenga.

Inu mukudziwa chimene mpingo wathu umanena za magazi. Bambo anu amatiwerengera Machitidwe 15 chaka ndi chaka, ndipo ine kuno ndine mkulu wa mpingo, ndimaima kutsogolo. Pakamwa panga sipanafike ngakhale kadontho, dona ndinamuuza ndipo anamvetsa. Koma njira yochokera kufamuyo imadutsa pamsika wa Chipadze, pomwe amayi a mpingo wathu amagulitsa matimati. Ndiye ndimavindikira ndowayo, n'kuimanga ndi chiguduli. Mayi wina anandifunsa m'Chishona kuti, "Chii chiri mubhaketi, sekuru?" Ndiye kuti, m'ndowamo muli chiyani, agogo? Ine ndinayankha kuti ndi polishi wofiira wopaka pansi. Linatuluka lokha bodzalo, ndisanaganize.

Estele musamusiyitse sukulu chifukwa cha njala. Akadye kaye kanthu, kangachepe bwanji, ndiye azipita.

Wanu,
Bauleni


Chipadze
17 Meyi 1992

Amayi a Estele,

Moni nonse. Ine ndili bwino m'thupi. Pepani kuti ndakhala chete, kunali zotangwanitsa.

Kumapeto kwa mwezi watha kunachitika ngozi mu mgodi. Thanthwe linagumuka pansi, pafupi ndi pomwe bwana wanga anaika pampu yatsopano, ndipo anthu awiri anatsikira kuli chete. Mmodzi ndi Staford, mnyamata wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, amene anangokwatira chaka chatha. Mkulu wake dzina lake Obert, nayenso amagwira pansi. Kumaliro ndinapita, ndinakumba nawo manda.

Lachisanu lapitali ndinagwa pa njinga. Musadandaule, ndinangosupuka chigongono. Galu anadutsa kutsogolo kwanga pamsika pomwe, ndili ndi ndowa ija kumbuyo. Chivindikiro chinauluka. Amayi aja anathamanga kudzandidzutsa, koma atafika pafupi anaima. Agalu ndiwo anabwera kudzanyambita. Mayi uja ndinamuuza za polishi anayang'ana pansi, anayang'ana ine, n'kunena chapansipansi kuti, "Iropa iri." Ndiye kuti, awa ndi magazi.

Ndikanalankhula pomwepo. Koma pakati pawo panali mkazi wa mlembi wa mpingo wathu, ndiye ndinaopa kutchula za nkhumba. Ndinangotola ndowa yanga n'kukankha njinga, palibe anandiitana.

Mwanena kuti mbuzi yayamba kuwonda. Muziidulira masamba a m'dambo. Ngati zafika poipa, iphani mudye nokha, osagulitsa kwa anthu ongofuna kukudyerani masuku pamutu.

Bauleni


Chipadze
14 Juni 1992

Amayi a Estele,

Ndikupatsani moni, ndipo ndikhulupirira ana akudzuka. Kuno kwazizira kwambiri. Ine kudya kwandivuta masiku ano, koma sindikudwala.

Mwafunsa chifukwa chake kalata yatha inali yaifupi. Sindikudziwa poyambira. Anthu kuno akunena kuti mgodi wa golide ukayamba kuuma umafuna magazi a anthu, ndipo kuti kampani inaitana Mjeremani kudzachita ntchito imeneyo. Akuti n'chifukwa chake ali ndi kanyumba kokhoma kotuluka utsi usana wonse, n'chifukwa chake azungu amabwera kudzatenga timaphukusi. Ndipo akuti womutengera magaziwo ndi Mubhurandaya wa njinga. Ndi mmene amatitchulira ife a ku Malawi akakwiya nafe. Wa njingayo ndine.

Poyamba ndinkayesa ndi nkhani za kumowa. Koma pamsika palibe akulandira ndalama ya m'manja mwanga. Ndikakwera kombi, wokhala pafupi amasuntha. Obert, mkulu wa malemu uja, amakhala pakhonde pake ndikamachoka m'mawa ndi pobwera madzulo, sayankha moni, amangonditsata ndi maso mpaka nditseke chitseko.

Loweruka lapitali masana mwana wa nyumba ina anasowa. Sipanathe ola, anthu anali atadzaza pakhomo pathu, ena atatola njerwa. Ndinali m'kati ndi a Pensulo, tinatsamiritsa bedi kuchitseko. Ndinamva Obert akufuula, "Ropa raani? Buda utiudze!" Akuti nditulukire ndinene kuti magazi aja anali a yani. Ndinafuula kuti ndi a nkhumba. Wina anayankha kuti, "Dzulo anali polishi, lero ndi nkhumba, mawa adzakhala chiyani?" Mwanayo anapezeka kubwalo la mpira akuonerera anzake. Anthu anabalalika, koma palibe anapepesa, ndipo njerwa zina anazisiya pakhomo pomwepo.

A Pensulo anandikalipira ngati mwana. Akuti, "Iwe ndiwe chitsiru chopemphera. Anthu awa amadya magazi ophika, amawatcha musiya. Ukananena tsiku loyamba lija, bwenzi akukupempha kuti uwagawireko. Unaopa amayi a mpingo, tsopano ona chimene wadziitanira." Iwo asamukira ku Chiwaridzo kwa mphwawo, akuti mpaka mphepo idutse. Sindikuwada, nawonso ali ndi ana.

A Pensulowo akuti ndithawe ndibwere kumudzi. Ndibwere kudzadya chiyani? Mwalemba nokha kuti mukudya kamodzi patsiku, ndipo kamodziko kakuchokera m'khitchini ya Mjeremani yemweyu. Kwa eni kulibe mkuwe, ndipirira.

Izi musawauze ana. Kwa abusa munene kuti ndili bwino.

Bauleni


Chipadze
19 Julayi 1992

Amayi a Estele,

Moni kwa inu ndi onse a pakhomo. Kalata yanu yafika Lachitatu. Ndawerenga katatu pomwe mwalemba kuti mapazi a Estele ayamba kutupa ndipo tsitsi la Enoki likufiira. Mupite nawo kuchipatala, musadikire. Nyemba kapena mtedza mukapeza, muziwapatsa iwo poyamba, akulu pambuyo.

Mlungu wathawu ndinapeza matayala onse awiri a njinga atachekedwa ndi mpeni. Ndinafika kuntchito mochedwa, wapansi, ndipo dona atandifunsa ndinalephera kudzigwira. Ndinamuuza zonse. Poyamba anaseka mpaka kugwira tebulo, akuti, "Soseji wanga? Wa mayi anga?" Ataona nkhope yanga analeka kuseka. Anakhala pansi, kenaka anati kwawo anaonapo chimene anthu amachita akagwirizana kuti mnansi wawo ndi chilombo.

Bwana ankafuna kuitana apolisi. Ndinamugwira mwendo kuti asatero. Apolisi abwera tsiku limodzi n'kupita, ine n'kutsala ndi anthu omwewo, atawonjezera kunena kuti mzungu wagula boma. Ndiye dona anati, "Ngati akuopa chimene sakuchiona, abwere adzaone." Akufuna nkhumba ibwere yamoyo, iphedwe pabwalo la nyumba anthu akuona, soseji apangidwe poyera, kanyumba kaja katsekulidwe.

Tinatuma wapampando wa komiti ya ogwira ntchito mu mgodi kukanena kwa Obert. Yankho labwera dzulo. Akuti abwera, iye ndi mayi ake ndi anthu ena. Koma waika mawu ake. Akuti nkhumba ya tsikulo ilibe ntchito, aliyense angathe kupha nkhumba anthu akuona. Iye akufuna soseji wakale, amene anapachikidwa mwezi umene mng'ono wake anafa. Asankha yekha, ndipo ine ndidye pamaso pa onse. Akuti wamva kwa wantchito wa nyumba yoyandikana ndi ya bwana kuti ine ndimalawa chilichonse m'khitchini muja kupatula chimenechi, ndipo khukhi wosalawa chimene waphika ndiye kuti akudziwa chimene chilimo.

Mwaona pamene ndafika, amayi a Estele. Ndikakana, ndavomera kuti ndi magazi a Staford, ndipo njerwa zija zikadali pakhomo. Ndikadya, ndadya magazi pamaso pa mpingo umene ndimaulalikira, ndathyola chimene ndinalonjeza pamaso pa bambo anu tsiku limene anandipatsa inu. Ndinapita kwa mlembi wa mpingo kukapempha nzeru. Sanandilowetse m'nyumba. Anaima pakhomo n'kundiuza kuti lemba silisintha chifukwa munthu ali ndi mantha.

Tsiku lake ndi Loweruka pa 8 Ogasiti. Mundipempherere, ngakhale sindikudziwa kuti mupemphe chiyani.

Bauleni


Aerodrome, Bindura
7 Ogasiti 1992

Amayi a Estele,

Moni. Ndili bwino. Ndikulemba masana ano pa tebulo la m'khitchini, chifukwa kuyambira Lolemba ndikugona kuno kwa bwana, dona anandiyalira m'chipinda chosungiramo zakudya pafupi ndi mgolo wa kabichi uja. Fungo lake tsopano ndinalizolowera.

Nkhumba yafika, yamangidwa pamtengo wa mapeyala, ikudya ngati palibe chimene chikubwera. Ine kuyambira dzulo madzi okha ndiwo akutsika.

Mverani izi bwino. Mapepala anga onse ali m'chitini cha tiyi pansi pa sutikesi, ndipo sutikesiyo ili kwa a Pensulo ku Chiwaridzo. Mukapanda kulandira kalata ina pofika kumapeto kwa Seputembala, mulembere iwo. Jekete yakuda ikhale ya Enoki akadzakula. Makina osokera aja ndinakulonjezani sindinathe kugula, mundikhululukire. Munda wa kumtunda mlongo wanga asakulandeni, unali wa ine ndi inu, mboni ndi bambo anu.

Estele apitirize sukulu. Mumuuze kuti bambo ake sanaphe munthu. China chilichonse chimene angamve, chimenechi chokha achidziwe.

Sindinasankhebe chochita mawa. Ndikatsegula Baibulo ndikuona Machitidwe 15, ndikalitseka ndikuona mapazi a mwana wanga. Ndakhala wamantha moyo wanga wonse, inu mukudziwa, ngakhale kukufunsirani ndinatuma mawu kudzera kwa mlongo wanu. Koma mantha a lero ndi ena.

Ndine wanu mpaka pomwe Mulungu walola,
Bauleni Chikaipa


Chipadze
30 Ogasiti 1992

Amayi a Estele,

Ndili moyo. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa ndikudziwa kuti kalata yatha inakusowetsani tulo. Ndikhulupirira inunso muli moyo nonse. Kalata iyi sikubwera pa positi, akupatsirani pamanja a Pensulo, amene akubwera kumudzi kudzaona odwala awo. Ali ndi phukusi lanu. Musalitsegule musanamalize kuwerenga.

Anabwera anthu oposa makumi asanu, ena anakwera pampanda. Mlembi wa mpingo analipo, ndi amayi a pamsika aja. Obert anafika atagwira mayi ake padzanja, gogo wamng'ono thupi, wovala zakuda. Nkhumba inaphedwa, ine ndinatakasa magazi, dona anakwinya malaya n'kuthira m'matumbo anthu akuona. Kenaka bwana anatsekula kanyumba kaja. Obert analowa yekha, anakhalamo kanthawi, n'kutuluka ndi soseji wakuda, wouma, wa kumapeto kwenikweni kwa mtanda. Anamuika pa tebulo, anatulutsa mpeni wake, anadula, n'kunena kuti, "Idyai tione." Ndinaona kuti mpeniwo sanaubweze m'thumba.

Ndinayang'ana mlembi. Iye anayang'ana kumwamba. Ndinayesa kunena kapemphero koma palibe mawu anabwera, chimene chinabwera ndi dzina la Estele. Ndinatola n'kuika m'kamwa.

Ndinadya, amayi a Estele. Ndinatafuna ndi kumeza, misozi ikutsika, anthu onse aja akuyang'ana pakhosi panga. Obert anadula china, ndinadyanso. Ndipo ndikuuzani chimene sindinauze munthu aliyense: ndi wokoma. Ndikanakonda akanakhala wowawa.

Ngakhale nditadya, anthu sanasunthe. Wina kumpanda anati mfiti imadya nyama ya munthu osatsamwa, ndiye izi zikutsimikiza chiyani? Apo ndinadziwa kuti ndadya pachabe ndipo ndatha. Koma gogo uja anasiya dzanja la mwana wake, anabwera pa tebulo, anatola kachidutswa. Obert anati amuletse, gogoyo anamukankha. Ananunkhiza, analuma, anatafuna pang'onopang'ono ndi mano ake otsalawo. Kenaka anati, "Musiya wenguruve uyu. Munyu ndiwo wakawanda." Akuti ndi uwende wa nkhumba, kungoti mchere wachuluka. Anatembenukira kwa ine n'kundifunsa kuti, "Makadii kungotaura?" Bwanji simunangonena?

Ndinayankha kuti ndinkachita manyazi ndi a mpingo. Gogoyo anapukusa mutu, akuti manyazi anga amugoneka ndi chithunzi choipa cha mwana wake miyezi itatu. Mawu amenewo anandipweteka kuposa njerwa. Obert anakhala pansi pa udzu, anaphimba nkhope, n'kumangofunsa kuti nanga mng'ono wake anafera chiyani. Koma thanthwe silifunsidwa mlandu. Anthu anayamba kutuluka mmodzimmodzi. Ena, osowa manyazi, anatsalira kudikira soseji watsopano uja kuti apse, ndipo dona anawagawira.

Ndabwerera ku Chipadze. Njerwa zija wina anazichotsa. Obert sanayambe kundipatsa moni, koma sakhalanso pakhonde. Pamsika akulandira ndalama yanga, ngakhale tsopano ana akunditcha Sekuru Polishi, dzina limene ndikuona kuti ndifa nalo. Ku mpingo anandichotsa pa ukulu Lamulungu lotsatira. Ndimakhala kumbuyo, pafupi ndi chitseko. Mlembi wanena kuti alembera abusa, ndiye bambo anu amva posachedwa. Ndi bwino amve kwa inu poyamba.

Tsopano za phukusi. Sabata yathayi dona anaona ndikuwerenganso kalata yanu ija ya mapazi a Estele, anandifunsa, ndinamuuza. M'mawa mwake ndinapeza atatsitsa zonse za m'kanyumba kaja, zouma bwino, zoti zikhoza kukhala miyezi osaonongeka. Akuti mwana wotupa mapazi safuna phala lokha, akufuna chakudya cha magazi ndi mafuta, ndipo iye akudziwa chifukwa mapazi ake anatupapo. Akuti muzidula kachidutswa kotalika ngati chala, kukazinga pang'ono, n'kusakaniza m'phala la mwana aliyense kamodzi patsiku.

Ndikanatha kukuuzani kuti ndi nyama yowamba chabe, ndipo simukanadziwa. A Pensulo anandilangiza choncho. Koma ndinanamapo kamodzi za chimene chili m'ndowa, ndipo mwaona kumene bodzalo linandifikitsa. Ndiye ndikunena poyera. M'phukusimo muli magazi a nkhumba. Ndinawatakasa ndine, ndi dzanja langa.

Inu ndinu mwana wa abusa, ndipo sindingakukakamizeni. Mukaona kuti simungathe, mupatse a Pensulo apite nazo kwawo, sindidzakufunsani. Koma ngati mapazi a Estele akadali otupa, mpatseni. Bambo anu akafunsa, munene kuti analamula ndi Bauleni, amene anadya kale. Ine mpando wakumbuyo ndauzolowera, ndipo malo alipo okwanira tchimo limeneli.

Mundiyankhe msanga, mundiuze ngati nsapato zake zayamba kumulowa.

Ndine mwamuna wanu,
Bauleni Chikaipa